Mazira ambiri sindiwo kamarau wambiri

Nthawi ya veda ikakwana, boma likatseka usodzi wa kamarau kugombe, pamabuka mawu omwe tawamva mpaka kutopa nawo. Amabwera pamodzi ndi matumba a kamarau wouma ochokera ku Nampula, amazungulira m'misika ya Cuamba, Mandimba ndi Massangulo, ndipo masiku ano akuyendanso pa WhatsApp. Akuti veda ndi chinyengo chongokwezera mitengo. Akuti kamarau mmodzi amaikira mazira zikwi mazanamazana, ndiye angathe bwanji? Ena aitengera mfundo yomweyi ku Amaramba ndi ku Chiuta, komwe munthu wokoka neti ya udzudzu m'mabango amakuyankhani kuti nsomba zimaswana kuposa mmene iye angaphere.

Zoti mazirawo ndi ambiri n'zoona, sitikutsutsa. Chomwe tikukana ndi tanthauzo lomwe anthu akulipereka ku kuchulukako.

Mwana aliyense wa ku Ngauma amene anagubuduzapo miyala mumtsinje kufunafuna nkhanu anaonapo yaikazi itafungatira mazira kumimba. Mazira ake ndi akuluakulu, owerengeka, ndipo akaswa mumatuluka tinkhanu tathunthu, ta miyendo ndi zopanira zomwe, timene mayi amatisunga kufikira titalimba. Chambo nacho chimasunga ana mkamwa. Zolengedwa zolera ana siziikira mazira ochuluka, chifukwa ambiri mwa anawo amapulumuka. Kamarau alibe ulezi wotere. Amangotaya mazira m'nyanja usiku n'kumapita. Tsono kuchuluka kwa mazira ake ndi umboni wa kuchuluka kwa maliro. Kuti mtundu usachepe, pa mazira onse a mayi mmodzi pamangofunika ana awiri ofika pa msinkhu woswana, ndipo kawirikawiri otsalawo saposa pamenepo kwenikweni. Zikanakhala kuti ngakhale gawo laling'ono limakula, bwenzi zombo zikuyenda pamwamba pa kamarau. Katswiri wa ku Denmark, Gunnar Thorson, analemba za zimenezi m'chaka cha 1950 atafufuza tinyama tokhala pansi pa nyanja: mitundu yomwe ana ake amayandama okha m'madzi imaikira mazira ochuluka zedi, imataya pafupifupi onse, ndipo chiwerengero chake chimakwera ndi kutsika kwambiri chaka ndi chaka.

Ambiri a ife kuno kumtunda kamarau timamudziwira m'mbale basi, choncho nkofunika kufotokoza ulendo wake. Malo ake aakulu m'dziko muno ndi Banco de Sofala, nyanja yosaya yoyang'anizana ndi Angoche, Quelimane ndi Beira. Akuluakulu amakhala pansi, pamatope ndi pamchenga. Dzira limaswa lisanathe tsiku, ndipo chotulukamo ndi kachinthu kovuta kukaona ndi maso, kosafanana n'komwe ndi makolo ake. Poyamba sikadya, kamadalira chakudya chomwe kabadwa nacho. Chikatha chimenecho kayenera kupeza tizomera tating'onoting'ono toyandama m'madzi, ndipo kakatisowa kwa masiku ochepa chabe, kafa. Kamafundula khungu kambirimbiri kwa sabata ziwiri kapena zitatu, nthawi yonseyi kakudyedwa ndi nsomba ndi tinyama tina, kakutengedwa ndi mafunde kupita komwe mphepo yafuna. Tambiri timakankhidwira kutali ndi gombe ndipo sitibwerera.

Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo pa kamarau mawuwa ndi oona ndithu. Kamwana kopulumuka m'nyanja kayenera kulowa m'mathiriro a mitsinje, m'nkhalango za mitengo yomera m'madzi a mchere zomwe a kugombe amati mangal. Mphamvu zolimbana ndi madzi kalibe, koma kali ndi nzeru yake: madzi akamakwera kulowa kumtunda kamadzuka n'kukwera nawo, akamaphwa kamakakamira pansi kudikira ena. M'mizu ya mangal muli chakudya ndi pobisalira. Kamakhalamo miyezi ingapo, kenaka n'kubwerera kunyanja kukakhwima ndi kukaswana. Moyo wake wonse ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Apa mpamene pali vuto lomwe onena kuti kamarau sangathe salitchula: cholengedwa cha moyo waufupi chotere chilibe nkhokwe ya akuluakulu a zaka zambiri. Ana a chaka chino akalephera, msodzi wa chaka chamawa alibe choti aphe.

Ngakhale madzi a Zambezi ali m'nkhaniyi. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, la Cahora Bassa ku Tete mu 1974, ndipo kuyambira pamenepo mtsinjewu sukusefukiranso m'dzinja monga kale. Mu 1992 Tor Gammelsrød wa ku Norway anaonetsa kuti kamarau wophedwa ku Banco de Sofala amachuluka m'zaka zomwe Zambezi watsika ndi madzi ambiri m'dzinja, ndipo amachepa madzi akachepa. Taonani: mayi wa kamarau sanachepetse mazira chifukwa cha khoma la Cahora Bassa lomangidwa ku Songo. Chomwe chinasintha ndi chiwerengero cha ana ofika kunyanja ali moyo. Onjezeranipo mangal odulidwa chifukwa cha makala, milimo ndi minda ya mchere, ndi ena ogwetsedwa ndi namondwe ngati Idai wa mu 2019 ku Beira.

Ndiye pakamwa pa mathiriro omwewo, pomwe tiana timalowera ndi kutulukira, pamatcheredwa chicocota, msampha woletsedwa wokhala ndi thumba la neti ya udzudzu kumapeto kwake. Wamalonda wina anganene kuti kamarau wamng'ono wa m'thumba lake ndi wa mtundu wosakula, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona, pakuti mtundu woterowo ulipodi. Koma neti ya udzudzu siifunsa mtundu. Imakokolola wosakula, mwana wa wamkulu, ndi tiana ta nsomba pamodzi. Ndipo kamwana kofika pamenepo si dzira wamba ayi: kapyola kale njala, adani ndi mafunde zomwe zinapha anzake zikwizikwi. Kupha kamodzi koteroko n'chimodzimodzi kutaya mazira zikwizikwi.

Pali chimodzi chomwe odandaula akunena molondola, ndipo sitichibisa. Zombo zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja zimapalasa malo okhala kamarau, zimaphera limodzi nsomba zambiri zomwe sizimazifuna, ndipo phindu lake lalikulu limapita kunja. Msodzi wa bwato amene akuuzidwa kuti akhale miyezi osapha, ana akulira njala, ali ndi chifukwa chofunsira ngati lamulo likuluma onse mofanana. Limenelo ndi funso la chilungamo, ndipo boma liyenera kuliyankha poyera. Koma kukondera kwa alonda sikusintha nthawi yomwe kamarau amakulira. Veda imaikidwa m'miyezi ya dzinja chifukwa ndiyo nthawi yomwe aang'ono amakhala ambiri.

A ku Chiuta ndi Amaramba amakonda kutipatsa chitsanzo cha nyanja ya Chilwa: inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, koma matemba, mlamba ndi makumba anabwerera. Anabwereradi, koma sanagwe ndi mvula. Anachokera m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayo ndi m'madambo, momwe makolo ochepa anapulumukira, ndipo ana awo anakulira m'mabango ndi m'njedza madzi atabwerera. Mabango ndiwo mangal athu kuno. Amene akukokamo neti yomwe anapatsidwa kuchipatala kuti ateteze ana ku malungo akuwononga malo onga omwe anabweza nsomba za Chilwa, kwinaku ana akewo akugona pambalambanda.

Inu amalonda a ku Cuamba ndi Mandimba, muli ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira, chifukwa chicocota chimatcheredwa pokhapo pali wogula. Nthawi ya veda funsani kuti katundu mukupikulayo anaphedwa liti, ndipo lekani kutumiza uthenga wa pa WhatsApp uja kwa anzanu. Inu a boma, yang'anirani zombo ndi diso lomwelo mumayang'anira nalo mabwato, ndipo muziuza anthu zomwe mwapeza. Mawu oti kamarau sangathe chifukwa mazira ake ndi ambiri ndi abodza.