Mngelezi akati ndiwe "flashy", usathamangire kuthokoza

Kuno ku Wigston tili bwino, kuzizira kokha.

Lero tikambeko za mawu a Chingelezi akuti flashy, chifukwa achinyamata kwanuko ayamba kuwalemba pansi pa zithunzi zathu poganiza kuti akutiyamikira. Mawuwa amachokera ku flash, kung'anima kwa mphezi kuja: kuwala kothobwa m'maso, kenako mdima. Mngelezi akati wotchi yako ndi flashy, akunena kuti wavala modzionetsera, ukufuna anthu adziwe kuti uli nazo. Amanena akumwetulira, koma wakunyoza. Akafuna kukuyamikira amati smart. Kutchena kwathu kuja ndiye smart. A Kamuzu ndi suti yawo ndi chipewa chija anali smart, palibe akanawatcha flashy.

Sikuti ndimavomereza zonse za Angelezi ayi. Pa Belgrave Road ku Leicester, pomwe amati Golden Mile, masitolo a golide ndi nsalu zonyezimira angoti ndondondo. Mkwatibwi wachimwenye akavala golide wake, umenewo ndi mwambo wa kwawo, chimodzimodzi zitenje za amayi athu pa chinkhoswe. Wina akazitcha flashy, vuto ndi maso ake amene anazolowera zovala zakuda ndi zotuwa.

Flashy yeniyeni ndimaiona kwa ife tomwe. Ine ndimaima pakhomo la sitolo maola 12, ndiye anthu ndimawaona. Mzungu wa ndalama amalowa ndi jekete yakutha, nsapato zamatope, osalabada za munthu. Koma m'bale wathu wina, amene akugona chipinda chimodzi ndi anzake atatu, amagula jekete yowala m'sitolo ya zovala zakale, kaunjika wa kuno, n'kupita ku Fosse Park kukajambulitsa atatsamira galimoto ya eni. Chithunzi chija chikafika kumudzi, inu mumati ku UK ndalama amachita kutola. Mndandanda uja umayamba: fizi, malata, foni. Choopsa n'chakuti mnyamata wina amagulitsa munda wa makolo kuti apeze tikiti, akuthamangira galimoto yomwe mwini wake weniweni sakumudziwa n'komwe.

Ndiye achimwene, mukaona chithunzi chotere muzifunsa kaye kuti lendi amalipira zingati. Ya feteleza nditumiza mwezi ukatha. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti juzi anandipatsa ija ndikuvalabe mkati mwa yunifolomu.