Fungo la petulo m'boti lisamazolowereke

Ambiri a ife amene timalima kufupi ndi mtsinje wa Kafue tilinso ndi mbale pamadzi: wina ndi msodzi, wina amanyamula anthu ndi katundu pa boti la injini kuchokera pa doko la Chanyanya kupita ku misasa ya m'dambo. Pakati pa eni mabotiwa pali maganizo akuti injini iliyonse imanunkha petulo, ndipo kuti pamene padontha pangofunika kumangapo mphira wa chubu. Ife tikutsutsa zimenezi. Injini yodontha ndi yowonongeka, ndipo malo oikonzera ndi pamtunda, boti lisanalowe m'madzi.

Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, choncho imatsikira pansi pa boti n'kukhazikika pomwepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya m'dambo ibaya mafupa, pamakhala wina woyatsa fodya kapena wokwera ndi kambaula. Moto ukabuka pakati pa mtsinje, kothawira n'kumadzi kokha, komwe kuli ng'ona ndi mvuu. Mafuta otayikawo nawonso amayandama pa madzi amene timathirira minda, ndipo kumunsi kwa Chanyanya, pa Iolanda, ndi pamene amapopa madzi opita ku Lusaka.

Koma chimene eni maboti ambiri sachiganizira n'chakuti bowo lotulutsa petulo injini itazima ndi lomwelo limayamwa mpweya injini ikamayenda. Mainjini ambiri a pamtsinje pano ndi aja osakaniza oyilo mu petulo, kawirikawiri theka la lita la oyilo pa malita 25. Oyilo wofewetsa zitsulo za mkati amabwera ndi petulo yemweyo. Mpweya ukaloŵa m'paipi, petulo wofika mu injini amachepa, oyilo amachepanso, injini imatentha, ndipo pisitoni ikhoza kugwira. Pamenepo munthu amene anaumira ndalama ya paipi amakhala akufunsa mtengo wa injini ina.

Kufufuza pamene pakudontha sikufuna zipangizo zodula. Pukutani injini ndi paipi yonse mpaka ziume, kutali ndi moto, kenako finyani kampira kopopera petulo mpaka kalimbe. Kakakana kulimba, ndiye kuti petulo akuthawira penapake, kapena kampirako katha. Yambirani pa thanki, mukutsata paipi ndi chala ndi diso. Pa chivundikiro cha thanki pali kabowo kopumira. Kakhala kotseka thanki ili padzuwa, mphamvu ya nthunzi imakankha petulo mpaka atulukire paliponse pofooka. Ambiri amaimba mlandu kabuleta pamene vuto ndi lomweli. Kenako onani polumikizira paipi ndi injini, pamene pali kamphete ka mphira kamene kamatha msanga, ndiponso nsonga za paipi, zimene zimauma ndi kung'aluka ndi dzuwa. Muvi wojambulidwa pa kampira uziloza ku injini.

Mukavundukula injini, onani kachikho ka sefa ndi kasikuluu kokhetsera petulo pansi pa kabuleta. Ngati petulo akusefukira pakamwa pa kabuleta mukamafinya kampira, ndiye kuti kasingano kotseka petulo kagwidwa ndi zinyalala, zimene nthawi zambiri zimachokera m'zigubu zogulira petulo wa m'mbali mwa msewu. Palinso kudontha kosaoneka: kachikopa ka m'pampu ya petulo kakang'ambika, petulo amaloŵa mkati mwa injini, pulagi imanyowa, utsi umachuluka. Izi ziwiri, amene sanatsegulepo kabuleta azisiyire makaniko. Petulo wotayika pokweza mwendo wa injini si matenda ayi. Chotsani paipi, injini iyende mpaka ithe yokha, ndiye muikweze.

Tikudziwa chimene ena ayankhe: zipangizo zimapezeka ku tauni ya Kafue kapena ku Lusaka, tsiku losaloŵa m'madzi ndi tsiku la njala, ndipo mphira wa chubu uli pafupi. Mawuwa ali ndi nzeru zake, ndipo amene wamanga mphira kuti afike kugombe sitingamudzudzule. Komatu mphira wa chubu umafufuma ndi kusungunuka mu petulo, ndipo paipi yamadzi imauma n'kusweka. Boti lotaya theka la lita pa tsiku limataya malita 10 m'masiku 20, ndalama yoposa ya timphete ndi zomangira zonse pamodzi.

Nthawi yokonzera ilipo kale. Chaka chilichonse boma limaletsa usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Asodzi a doko limodzi angathe kusonkha ndalama, kutuma munthu mmodzi kukagula paipi yeniyeni ya petulo, timphete ndi zomangira, n'kusintha zonse zakale maukonde akadali pakhonde. Inu amene munaphunzira kusamala pampu yothirira m'dimba mudziwa kale thanki, sefa ndi kabuleta; njira ya petulo mu injini ya boti ndi yofanana kwambiri, ndipo pa ntchitoyo mukhoza kuwathandiza.