Tepi ya phokoso ndiyo mboni yathu

Pali bwalo la milandu lomwe limakumana Loweruka madzulo pa malo ena omwerako, mukangowoloka mlatho wa Liwonde kulowera tsidya la Machinga. Oweruza ake ndi mphunzitsi, dalaivala wa lole, wogulitsa chambo, ndi aliyense amene ali ndi ya botolo limodzi. Aliyense amabwera ndi zomwe adajambula kapena kupempha kwa mnzake: madansi a Alleluya, a Zembani, a Black Missionaries, ena pa kaseti yakale, ena pa foni. Amamvera, kenaka n'kupereka malikisi pa khumi. Ndakhala nawo kangapo ndipo ndimawakonda anthu amenewa. Koma kagamulidwe kawo n'kokhota, ndiye lero ndati ndiwadzudzule pagulu.

Tsiku lina adaika tepi ya bandi ina ya ku Balaka. Woimba mawu adali atasasa. Mayi wina adali pafupi ndi wojambulayo, nthungululu yake ikulasa m'khutu. Nyimbo ili pakati magetsi adathima, magitala onse zii. Wang'oma sadaleke. Anthu adailandira nyimbo ija n'kuiimba okha mumdima mpaka jenereta italira, ndipo besi itabwerera chisawawa chake sichosimbika. Oweruza athu adaipatsa malikisi atatu. Ati phokoso. Adaika ina yomveka bwino, woimba osaphonya liwu ngakhale limodzi, anthu osamveka ngati mulibe munthu m'holomo. Iyo idalandira asanu ndi anayi. Chifukwa chake? “Ikumveka ngati CD.”

Abale anga, ngati mukufuna CD, bwanji osakagula CD?

Tikumbutsane kumene nyimbo za Balaka zidachokera. Alleluya Band idayamba m'chaka cha 1978, Paul Banda ndi anzake akuimba pamaso pa anthu, pa parishi ndi m'maholo, zaka zambiri makaseti awo asanadzaze m'misika. Mng'ono wake Lucius adakulira momwemo asanatulutse chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994 ndi kuyambitsa Zembani mu 1997. Makaseti a zaka zimenezo, omwe tinkagula kwa O.G. Issa ku Limbe kapena kwa mavenda pa depoti, ambiri adajambulidwa ndi kiyibodi ndi ng'oma za makina, poti zinali zotsika mtengo kusiyana ndi kulowetsa bandi yonse mu situdiyo. Makina satopa, saphonya, komanso samva kuti anthu atenthedwa. Nyimbo ya mphindi zisanu imatha pa mphindi zisanu basi.

Pa dansi zinthu zimasintha. Nyimbo yomweyo imatha kufika mphindi khumi ndi zisanu chifukwa wabesi ndi wang'oma agwirizana ndi maso kuti ovina asapume. Wagitala amalowa njira yomwe sadapitemo dzulo ndipo sadzapitamonso mawa. Woimba amaimitsa bandi n'kulankhula za mtengo wa feteleza, za maliro a m'mudzimo, za andale omwe aiwala malonjezo. Mawu amenewo simungawapeze pa chimbale chilichonse. Chimbale chili ngati chithunzi cha pa chiphaso: munthu wapesa, watseka pakamwa, wayang'ana kutsogolo. Kodi mayi ako akamwalira, chithunzi chomwe ungafune kusunga n'chimenecho, kapena chija akuseka pa chinkhoswe chitenje chitapendekeka?

Ndiye munthu akamachotsa malikisi chifukwa cha nthungululu, akuchotsa chinthu chenicheni chomwe tepiyo idajambulidwira. Dansi ndi bandi pamodzi ndi anthu. Mukawachotsa anthuwo mwatsala ndi theka.

Ndikudziwa zomwe oimba ena anene: “Iwe mlembi, ukuyamikira akuba.” Pamenepa tisanamizane. Mnyamata woika nyimbo m'mafoni pa msika, amene amalandira ndalama pa thukuta la wang'oma yemwe adabwerera kwawo pa kabaza usiku, akuba ndithu. COSOMA idakhazikitsidwa mu 1992 kuti ithane ndi zoterezi, ndipo lamulo la umwini wa luso lidakonzedwanso mu 2016. Sindikupempha kuti lifooke. Koma kugulitsa ndi kusunga ndi zinthu ziwiri, ndipo mankhwala ake ndi chilolezo cha eni nyimbo.

Ku America kudali bandi yotchedwa Grateful Dead, yomwe idaimba kuyambira 1965 mpaka 1995, madansi oposa 2,000, nyimbo zake zikusinthasintha usiku uliwonse. Iwo adalola otsatira awo kujambula, ndipo kuyambira 1984 ankawapatulira malo awoawo oimikapo zojambulira. Pangano lidali limodzi: sinthanani, musagulitse. Otsatirawo ankalemba tsiku, malo ndi mndandanda wa nyimbo pa tepi iliyonse, ndipo mpaka lero amakangana kuti dansi yoposa zonse ndi iti. Ya pa 8 May 1977 ku Cornell University idatchuka chotero, mwakuti mu 2012 Library of Congress idailowetsa m'kaundula wa zojambula zofunika kusungidwa ndi dziko. Bandiyo sidasauke nazo. Matepiwo ndiwo ankaitana anthu ku dansi yotsatira.

Ife tasunga chiyani? Evison Matafale adamwalira mu November 2001. Lucius Banda adatisiya pa 30 June 2024 ku South Africa. Zimbale zawo zilipo, inde. Koma Soja wa pa nsanja, amene ankaimitsa nyimbo kuti alankhule ndi anthu ake, ali m'mafoni ong'aluka galasi ndi m'makaseti omwe akudyedwa ndi chinyontho m'masutukesi. Foni imodzi ikagwera mu Shire, usiku wathunthu wa mbiri yathu wapita ndi madzi. Nyimbo zomwe agogo athu ankaimba m'zaka za m'ma 1950 adajambula ndi Hugh Tracey, ndipo zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Kodi tidikirenso mlendo kuti adzatisungire za Balaka, mtunda wa ola limodzi losakwana kuchokera pa mlatho pomwe timakanganirapo?

Tsono inu a bwalo la Loweruka, musaleke kukangana, koma sinthani muyeso. Funsani kuti: kodi usiku umenewo bandi idachita chomwe sidachitepo kwina? Kodi anthu adayankha bwanji? Ndani adagwira besi? Mukamaliza, lembani tsiku, malo ndi maina a oimba, chifukwa tepi yopanda tsiku ili ngati mboni yoiwala kumene idaima. Koperani kawiri, ina musunge kwa mnzanu, ina mukapereke kwa eni bandi kapena kubanja la malemu. Musalandirepo tambala.

Nanunso eni mabandi, chingwe chimodzi chochokera pa mikisa chikukanikani? Jambulani madansi anu nokha, mugulitse nokha, ndalama ilowe m'thumba la amene adakhetsa thukuta.

Za tepi ija ya magetsi othima, ndikupempha apilo. Ine ndaipatsa khumi, ndipo mayi wa nthungululu uja ndikadamudziwa ndikadamugulira Fanta.