Kuyeza shuga osabaya chala: chikuvuta n'chiyani?

Wodwala shuga amene amadzibaya insulini amaboola chala kangapo pa tsiku, ndipo kapepala kalikonse koyezera n'kogula. Munthu wotereyu akamva za wotchi yoyeza shuga osatulutsa magazi n'kuyilakalaka, sitingamunene kuti ndi wotengeka.

Amene akulimbikira kupanga chipangizo chotere ali ndi poyambira. Kachipangizo kopana chala kaja, kamene ambiri tinakadziwa nthawi ya Covid-19, kanachokera ku nzeru za Takuo Aoyagi wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Kamayeza okosijeni ndi kugunda kwa mtima pongowalitsa chala. Olimbikirawo amati, zinatheka ndi mpweya, nanga shuga angakanike bwanji?

Apa ndi pamene ndikusiyana nawo. Magazi akalandira okosijeni amafiira kwambiri, choncho kuwala kumakhala ndi choti kuone. Shuga alibe mtundu, komanso ndi wochepa zedi: m'magazi onse a munthu wamkulu muli magalamu 4 okha, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Madzi a m'thupi, mafuta, thukuta ndi kutentha kwa khungu zimasokoneza kachizindikiro kakeko. Ndipo ife akhungu lakuda tichenjere, pakuti kafukufuku wa mu 2020 ku yunivesite ya Michigan anapeza kuti ngakhale kachipangizo ka okosijeni kaja kamaphonya kawirikawiri pa odwala akuda kusiyana ndi azungu.

Makampani ayesapo ndithu, ena mwa iwo a ndalama zawo. GlucoWatch, imene inavomerezedwa ku America mu 2001, inkakoka shuga kudzera pakhungu ndi mphamvu yochepa ya magetsi, koma inkatupitsa khungu ndipo sinakhalitse pamsika. Google inalengeza mu 2014 za kagalasi kovala m'diso koyeza shuga m'misozi. Pofika 2018 ntchitoyo inaimitsidwa chifukwa shuga wa m'misozi sankagwirizana ndi wa m'magazi.

Kafukufuku apitirire, ine sindikutsutsa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawotchi ndi mphete zimene zikugulitsidwa kale pa intaneti. Mu February 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza kuti silinavomereze ngakhale imodzi. Wotchi ikanama pa kugunda kwa mtima, mwini wake amangodabwa. Ikanama kuti shuga wakwera, munthu awonjezera insulini, shuga atsikiratu, akomoke.

Pakadali pano chimene chathandizadi ndi zipangizo zomata pamkono monga FreeStyle Libre ya kampani ya Abbott, imene imayeza usana ndi usiku kwa masiku 14. Koma nayonso imalowetsa kaulusi pansi pa khungu, ndipo masikuwo akatha umagulanso ina.