Gule amasungidwa m'miyendo, osati m'foni

Nyengo yozizira ikatha ku Toronto, anthu ochokera ku Tibet okhala m'dera la Parkdale amakumana panja Lachitatu madzulo n'kupanga bwalo. Amavina gorshey, gule wawo wozungulira. Agogo, achinyamata ndi ana onse amalowa. Wosadziwa amangotsata mapazi a amene ali patsogolo pake mpaka atazolowera.

Tsikuli amalitcha Lhakar, kutanthauza Lachitatu Loyera. Mwambowu unakula pambuyo pa zionetsero za mu 2008 ku Tibet, anthu atasankha kuti Lachitatu azilankhula chinenero chawo, kuvala zovala zawo ndi kudya zakudya zakwawo.

Dalai Lama atathawira ku India mu 1959, chaka chomwecho anakhazikitsa sukulu yosunga nyimbo, magule ndi zisudzo yotchedwa TIPA, yomwe lero ili ku Dharamsala. Koma sukulu imodzi singafikire aliyense. Mwana wobadwira ku Canada, amene sanaiwonepo Lhasa, mawu a nyimbo zakwawo amawatola m'bwalomo. Bwalo likatha, chinenero nachonso chimayamba kuthawa pakamwa pake.

Mavidiyo a gorshey ali mbwee pa YouTube ndi TikTok, ndipo sindikuwanyoza: amathandiza kuphunzira masitepe. Koma foni singakukoke dzanja ukaphonya, singakusekerere ukagwira bwino.

Anzathuwa akuvina ali kutali ndi kwawo. Ife tili kwathu konkuno. Ndiye tisanadine "like" pa vidiyo ya chimtali kapena manganje, tidzifunse kaye: m'bwalo tinalowamo liti komaliza?