Makatuni Sanyozetsa Rama

Yugo Sako wa ku Japan atafuna kupanga kanema wa makatuni wa nthano ya Ramayana, Ahindu ena ku India adakalipa nati mulungu wawo Rama sayenera kujambulidwa chotero. Anthuwa adalakwa. Kodi si kwawo komweko, ku Ramnagar, kumene anyamata amavala ngati Rama m'masewero a Ramlila, khamu n'kumawagwadira mwezi wathunthu? Ngati mnyamata angathe kuimira mulungu, chithunzi chalakwanji? Sako adagwirizana ndi Ram Mohan, mmisiri wa ku India, ndipo kanemayo ataonetsedwa m'chaka cha 1993, ana ambiri adadziwira momwemo za Sita ndi Hanuman. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nthano yotsekeredwa m'kachisi, yosafika kwa ana, imafa pamodzi ndi nkhalamba zoisunga.