Pamene "who" wabisa "if": zimene zinandionekera pagombe la Mbenji

Tchuthi chapitachi ndinatsala pang'ono kuyambanitsa anthu pagombe la Chikombe ku Salima, ndipo chinandigwetsa ndi mneni mmodzi yekha wa Chingerezi. Kunabwera mlendo wakunja wofuna kumva za malamulo a pachilumba cha Mbenji. Amalume, omwe ndi msodzi, anandikankhira kutsogolo. "Mphwanga, si iwe uli kukoleji? Tawatanthauzira akuluakuluwa."

Poyamba zinkayenda. Kenaka mlendoyo anafunsa kuti: "A man who took beer to the island would be sent back, wouldn't he?" Khutu langa linagwira mawu akuti "took", mutu n'kundiuza kuti iyi ndi nthawi yakale. Ndinati, "Akuti munthu amene anapita ndi mowa kuchilumba uja abwezedwa, eti?" Pamalopo panati zii. "Ndani ameneyo?" anafunsa mkulu wina. "Anamuona liti?" Mnyamata wina anali atayamba kale kuyang'ana cha kubwato la eni ake. Koma mlendoyo sanaone munthu aliyense ndi mowa. Ankangofunsa chimene chingachitike munthu atati watero.

Kwa amene simukudziwako, Mbenji si malo oseweretsa nkhani ya mowa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a dera la Makanjira akhala akutseka usodzi pachilumbachi m'nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti utaka ndi nsomba zina ziswane. Akatsegula, asodzi amakakhala komweko motsata malamulo okhwima: mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo amayi saloledwa kupitako. Kunena pagulu kuti wina anapitako ndi mowa n'kumuyambira mlandu.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi, ndipo maganizo anga ndi akuti vuto silinali kusamva Chingerezi kokha. Ambirife tinaphunzitsidwa ziganizo za "ngati" monga ndondomeko yoloweza: mtundu woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo wina uliwonse uyambe ndi "if". Tinaloweza, tinalemba mayeso a MSCE, tinakhoza. Palibe anatiuza kuti "if" akhoza kusowa m'chiganizo koma ganizo lake likadali momwemo, litabisala m'nthambi yamfotokozi yoyamba ndi "who", "which" kapena "that". Chiganizo cha mlendo uja n'chimodzimodzi ndi "If a man took beer to the island, he would be sent back." Akadanena choncho sindikadaphonya, chifukwa "if" akadandidzutsa. Nthawi yakale ya "took" sikunena za dzulo ayi. Ikunena za chinthu chongoyerekeza, ndipo chizindikiro chake ndi "would" amene ali mbali inayo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Chichewa chathu chimachita zomwezi tsiku ndi tsiku. Mfumu ikamalengeza kuti "aliyense amene adzaponye chilimira nyanja ili yotseka adzalipira", palibe amafunsa kuti aliyenseyo ndani. Tonse timamva kuti mawu akuti "amene" aima m'malo mwa "ngati wina". Nzeruyi tinayamwira, koma tikalowa m'kalasi ya Chingerezi timaisiya pakhomo pamodzi ndi fumbi la kumapazi.

Onani tsono pamene zinenero ziwirizi zimasiyanirana, chifukwa zolakwa zathu zambiri zimabadwira pomwepa. Chichewa chimakonda kuika chizindikiro cha nthawi mbali zonse ziwiri: "amene adzaponye... adzalipira". Mphatikiram'kati -dza- ali uku ndi uku. Ndiye ife timanyamula chizolowezichi n'kulemba kuti "Anyone who will fish in January will be fined." Mngerezi sanena choncho. Iye amasiya mneni wa m'nthambi ya "who" m'nthawi yatsopano, "will" n'kumusungira mbali ya zotsatira: "Anyone who fishes in January will be fined." N'chimodzimodzi ndi zinthu zimene zinalephereka kale. Ife timati "amene akadaona utaka wa tsiku lotsegulira akadamvetsa chifukwa chotsekera", -kada- kawiri. Tikamasulira liwu ndi liwu timapeza "Anyone who would have seen", pamene chofunika ndi "Anyone who had seen the catch on opening day would have understood." Mphunzitsi amene amangodula mzere wofiira pansi pa "would have" osamuuza mwana kumene cholakwacho chachokera, adzadula mzere womwewo chaka chamawa m'kope la mng'ono wake.

Wina anena kuti ndiye lamulo ndi losavuta: "would" asalowe m'nthambi ya "who". Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imakomera. Mwini chilimira akamafuna alovi akhoza kunena kuti: "I need men who would not panic in a storm." Chiganizochi n'cholondola. Nthambi ya "who" pano sikunyamula "ngati". Ikunyamula zotsatira, ndipo "ngati" wake wabisala m'mawu akuti "in a storm", kutanthauza kuti mwera utawapeza pakati pa nyanja. Pa Chichewa tingati "anthu amene sangachite mantha mwera utawomba". Apa "would" akufotokoza khalidwe la munthu, zimene angachite zinthu zitafika poipa. Choncho funso loyenera kudzifunsa si lakuti "would" aloledwa kapena ayi. Dzifunseni kuti nthambi imeneyi ikunena chimene chiyenera kuyamba chachitika, kapena chimene chingatsatirepo? Ikakhala yoyamba, "would" ndi "will" akhale panja. Ikakhala yachiwiri, alowe.

Palinso msampha wina, ndipo ndivomere kuti mlendo uja akadangowonjezera mawu atatu, tanthauzo likadatembenukanso. "In those days, a man who took beer to the island would be sent back." Apa "took" ndi nthawi yakale yeniyeni, ndipo "would" akunena zimene zinkachitika kawirikawiri: munthu wotero ankabwezedwa. Mawu omwewo, matanthauzo awiri, ndipo chosiyanitsa ndi nkhani imene ikukambidwa. Ndondomeko yoloweza singakupulumutse pamenepa.

Za mpatuliro ndingodutsapo. "Fishermen who use mosquito nets would lose their gear" akunena asodzi okhawo ophera nsomba m'masikito. Mukaika mpatuliro kutsogolo kwa "who" ndi kumbuyo kwa "nets", mwanena kuti asodzi onse amatero, ndipo "ngati" uja wafa. Timadontho tiwiri tokha tanyozetsa gombe lonse.

Mwina mukuti izi n'za ophunzira zauphunzitsi okha. Taganizani kaye. Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi, kuphatikizapo lamulo la zausodzi la 1997 limene linatsegula njira yoti anthu a m'mphepete mwa nyanja azitenga nawo mbali posamala nsomba kudzera m'makomiti a m'magombe. Chinenero cha malamulo chimadalira kwambiri ziganizo zoyamba ndi "any person who". Amene adzawerengere asodzi, alimi ndi odwala mapepala amenewa ndife. Namwino amene waona chiganizo chonena za "a patient who missed two doses would..." ayenera kudziwa ngati akuuzidwa za wodwala amene ali pabedi kapena za wongoyerekeza. Wa zamalonda adzakumana nazo m'mapangano a ngongole ndi a inshuwalansi. Kumudzi satifunsa kuti tinapeza mapointi angati. Amangotipatsa kalata n'kuti, "Tatiuza, akuti chiyani?"

Tsono pempho langa kwa aphunzitsi athu, ndi kwa anzanga amene posachedwapa mukaima kutsogolo kwa ana a Fomu 3 ndi 4, ndi lakuti musaope kuyala Chichewa pambali pa Chingerezi pophunzitsa mutu umenewu. Ndikudziwa kuti ena sagwirizana nazo. Amati Chingerezi ndicho chinenero chophunzitsira, ndipo mwana akazolowera kumasulira m'mutu sadzalankhula mosadodoma. Pali choonadi pamenepa: chinenero chimalowa pochimva ndi kuchilankhula kwambiri, ndipo kalasi ya Chingerezi isasanduke ya Chichewa. Komatu mwanayo akumasulira kale, kaya timulole kaya timuletse. "Who will fish" uja ndi umboni wake. Kuletsa Chichewa m'kalasi sikuchichotsa m'mutu. Kumangochititsa kuti chizigwira ntchito mumdima, popanda wochiwongolera. Mphindi khumi zokha zolemba "amene adzaponye" pabolodi, pansi pake "who fishes", n'kufunsa ana kuti -dza- wapita kuti, zingachite zimene masamba asanu a zoloweza alephera.

Ndipo zitsanzo zichokere kwathu. Mwana wa ku Salima amadziwa kale kuti lamulo la ku Mbenji limagwira munthu amene sanabadwe n'komwe, amene adzagule bwato zaka zikubwerazi. Amadziwa kusiyana kwa "amene anapita", "amene angapite" ndi "amene akadapita", chifukwa kusokoneza zitatuzi pabwalo la mfumu kumabala mlandu. Chomwe akusowa n'kumuonetsa kuti Mngerezi amasiyanitsa zomwezi ndi zida zina.

Tsiku lija ndinapepesa kwa akuluakulu, n'kubwereza funsolo bwinobwino: "Akufunsa kuti, munthu atati wapita ndi mowa kuchilumba, angabwezedwe?" Mkulu uja anaseka. "Ooh, n'zimenezo? Muwauze kuti inde, tsiku lomwelo." Pobwerera kunyumba amalume sananene kanthu mpaka titadutsa pamathandala. Kenaka anati, "Mphwanga, mawa mlendoyu abweranso. Ukamva mawu okayikitsa, uziyamba wamufunsa iyeyo usanatiuze ife."